Galimoto yogula kwa dila ku Joni ikayamba kuvuta, chitani izi musanaitane makaniko wanu

Ku Joni kuno ambirife tikangosunga tindalama chinthu choyamba kuthamangira ndi galimoto, wina akufuna ayambe Uber kapena Bolt, wina akufuna bakkie yonyamulira katundu wa anthu, wina akungofuna Disembala akafike nayo kumudzi anthu aone kuti mwana wa auje sanangotchona chabe. Ndiye timalowa m'magalaja a sekondi handi aja, kaya ku Jules Street cha ku Malvern komwe magalimoto amangoti mbwee mbali zonse za msewu, kaya ku Boksburg kaya ku Pretoria, tapereka ndalama tasayina mapepala, masabata awiri osakwana giya yayamba kukana kulowa kapena singano ya temperature yakwera mpaka pofiira muli pakati pa msewu waukulu wa N1. Mukamuimbira dila uja, yemwe dzana lomweli amakutchulani kuti my brother, lero akuti munasayina voetstoots bwana, munavomera kuitenga momwe ililimo, ife palibe chomwe tingachite.

Ambiri timagonjera pomwepo poti ndife alendo, timaona ngati kudandaula ndi kudziputira mavuto. Koma South Africa ili ndi lamulo loteteza ogula, Consumer Protection Act ya 2008 yomwe inayamba kugwira ntchito mu 2011, ndipo lamuloli silifunsa kuti ndinu nzika ya dziko liti, limangoona kuti mwagula kwa munthu wa bizinesi basi. Gawo 55 likuti katundu yemwe mwagula akhale wabwino, wogwira ntchito yake, wopanda chilema ndiponso wotha kukhalitsa nthawi yoyenera. Gawo 56 ndiye limapereka miyezi 6 kuyambira tsiku lomwe mwalandira galimoto, kuti ikapezeka ndi vuto lenileni mutha kuibweza kwa dila popanda chindapusa, ndalama zonyamulira poibweza n'za dilayo. Miyezi 6 imeneyi si dila amakupatsani ayi, si walanti yogula ija amakukakamizani kuwonjezera pa mtengo, ndi yanu kale mwalamulo, yatsopano kaya yakale galimotoyo. Vuto ndi lakuti ambiri timaitaya tokha ndi manja athu sabata yoyamba yomweyo.

Muyambe mwaona ngati lamuloli likukukhudzani. Limagwira ngati mwagula kwa munthu kapena kampani yomwe kugulitsa magalimoto ndi bizinesi yake. Ngati munagula kwa mnzanu wa kutchalitchi amene amangogulitsa Polo yake imodzi, kapena munthu wamba wa pa Facebook Marketplace, apo lamuloli silifikapo, nkhani yake ndi ina ndipo ndi yovutirapo. Za pa okushoni nazonso gawo 55 silizikhudza. Ndiye tulutsani invoice muone dzina lili pamwambapo, chifukwa pali madila ena ochenjeretsa, galimoto ili pa yadi pawo ndithu ndi mtengo pa windscreen, koma pofika polipira akuti ndalama muike mu akaunti ya munthu wina ndipo pepala alemba ngati mwagulana awiriwiri panjira. Ngati zinakuchitikirani choncho musataye mtima, sungani advert yawo, zithunzi za pa yadi, mameseji a salesman, zonsezo zimasonyeza kuti amene munkachita naye malonda ndi wabizinesi.

Tsopano galimoto yavuta. Chochita choyamba ndi kuimitsa. Ikayatsa kagetsi kofiira ka oilo kapena yayamba kuwira, imani pambali muzimitse, musati ndingofika pa Engen apo, chifukwa makilomita asanu omwe mungaikakamize ndi omwe dila adzagwire, adzati vuto linali laling'ono la paipi ya madzi koma mwaphetsa injini ndinu poyendetsa ikuwira. Ndipo pamenepo amakhala ndi mfundo ndithu.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pomwe pagona nkhani yonse, musaitane makaniko wanu. Ndikudziwa kuti tonse tili naye achimwene wina wake ku Turffontein kapena ku Tembisa wodziwa injini kuposa a ku galaja yayikulu, wotchipa, woti mukamuimbira amabwera ndi bokosi lake la masipanala pompo. Koma akangomasula bawuti imodzi pa silinda hedi, mwamupatsa dila chothawira. Lamulo lomwelo likuti chitetezo chija sichigwira pomwe katundu wasinthidwasinthidwa atachoka m'manja mwa wogulitsa, ndiye dila amangoti ife tinagulitsa galimoto yabwinobwino, waiwononga ndi makaniko wanu wa pansi pa mtengo. Inu mutsutsa bwanji poti injini ili kale mbwerekete pansi, mabawuti ali m'chigoba cha ayisikilimu? Makaniko wanu abwere aone ndi maso, amvetsere phokoso, alumikize kamakina ka diagnostic muone ma code, zimenezo palibe vuto, koma sipanala ayi. Ngakhale zokhala ngati zazing'ono monga kudula mawaya kuti muike sound kapena alamu, dikirani kaye, vuto la magetsi likadzabwera adzaloza pomwepo.

Mukadali pamsewupo tengani foni. Jambulani dashboard injini ikulira kuti magetsi oyaka aoneke pamodzi ndi makilomita, jambulani vidiyo ya utsi kapena phokosolo, jambulani pansi ngati pakudontha oilo kapena madzi, nambala puleti ionekenso. Ngati mwaitana breakdown kuti aikoke, lisiti lake musataye. Mukafika kunyumba sonkhanitsani zonse mu envelopu imodzi, offer to purchase yomwe munasayina, invoice, umboni wa malipiro, pepala la roadworthy, service book ngati anakupatsani, ndi screenshot ya advert ija isanafufutidwe, poti galimoto ikangogulidwa advert imachoka msanga ndipo m'menemo ndi momwe munalembedwa zija za accident free ndi full service history. Kunama pa zinthu ngati zimenezi, kapena kubweza makilomita m'mbuyo, kapena kubisa kuti galimoto ndi Code 3 yomwe inachita ngozi n'kumangidwanso, ndi mlandu wina pawokha pa gawo 41 la lamulo lomweli.

Pa roadworthy ndinenepo pang'ono poti madila amakonda kuitulutsa ngati chishango. Roadworthy imaona mabuleki, matayala, magetsi, chiwongolero ndi zina zoti galimoto isaphe anthu pamsewu. Siitsegula giyabokosi, siiuza munthu kuti gasiketi yatsala pang'ono kupsa. Ndiye akakuuzani kuti inakhoza roadworthy, ayankheni kuti inde inakhoza koma nkhani yathu si imeneyo.

Kenako lembani, tsiku lomwelo, osati mawa. Ife aMalawi timakonda kukambirana pamaso mwaulemu, kupita kukagogoda, kukhala pa mpando, bwana akuti bwerani Lachiwiri, Lachiwiri akuti manejala kulibe, kenako akuti tikudikira part kuchokera ku Durban, mukamazindikira miyezi 6 yatha ndipo palibe pepala ngakhale limodzi losonyeza kuti munadandaulapo. Ulemu ndi wabwino koma uzikhala wolembedwa. Tumizani imelo ku adiresi ya kampani, ndipo zomwezo muzitumizenso pa WhatsApp ya salesman kuti timizere tiwiri tija tikuchitireni umboni. Chizungu chapamwamba sichikufunika. Lembani dzina lanu, mtundu wa galimoto, nambala puleti ndi VIN (nambala ya chassis), tsiku lomwe munailandira, makilomita a tsiku limenelo ndi a lero, chomwe chachitika mwachidule, kenako nenani kuti mukuibweza pansi pa gawo 56 la Consumer Protection Act ndipo mukufuna chakuti, muwapatse masiku oti ayankhe, 7 ndi okwanira. Zotukwana ayi, zoopseza kuti ndibwera ndi anyamata ayi, kalatayi idzawerengedwa ndi anthu ena kutsogoloku ndipo mukufuna muoneke kuti wofatsa ndinu. Akakuimbirani foni m'malo moyankha polemba, lankhulani nawo bwinobwino, mukadula lembani meseji yoti monga takambirana pa foni lero mwanena zakutizakuti. Ma voice note asiyeni, ngovuta kuwaika mu fayilo.

Chomwe mukufunacho muganize bwino musanalembe. Lamulo lakupatsani zitatu, akonze, akusinthireni ina, kapena akubwezereni ndalama, ndipo wosankha ndinu osati dila. Iwo nthawi zonse amathamangira kukonza poti ndiye kotchipa, ndipo amayankhula ngati njira ndi yokhayo. Maganizo anga ndi awa, ngati vuto ndi lodziwika komanso lili malo amodzi, alternator yafa, starter, pampu ya madzi, lolani akonze, muthana nazo msanga ndipo galimoto mukhala nayo. Koma ngati injini yanoka mwezi woyamba, kapena giyabokosi ya otomatiki ikudumpha magiya, kapena mwapeza kuti chassis inawotcheredwa, musavomere zokonza mwachisawawa, nenani kuyambira m'kalata yoyamba kuti mukufuna ndalama zanu. Mukangoti chabwino konzani, mwasankha, ndipo kudzatembenuka pakati panjira kuti ayi ndafuna ndalama kumavuta. Dziwaninso kuti pobweza ndalama kawirikawiri pamakhala kukangana za makilomita omwe mwayendapo, amafuna kudulapo kenakake, ndiye wa Uber amene wagunda makilomita masauzande pa miyezi inayi asayembekeze kuti zibwera zonse mosavuta. Ichi ndi chifukwa china choti galimoto yomwe mwanena kuti mukuibweza muiimike, osati kalata yapita uku inu mukunyamulabe ma trip a ku bwalo la ndege la OR Tambo.

Komanso tisanamizane, si kaphokoso kalikonse komwe kangakubwezereni ndalama. Mu 2021 Supreme Court of Appeal inaweruza mlandu wa Renault Kwid yomwe mwini wake ankadandaula za timaphokoso ndi Bluetooth yovuta, iye ankafuna ndalama zake zonse ndipo khoti linakana, linati chilema chomwe lamulo likunena chiyenera kukhala chachikulu ndithu, osati kalikonse kokhumudwitsa. Pa galimoto yakale amaonanso zaka zake, makilomita ndi mtengo womwe munapereka. Corolla ya zaka 15 ya makilomita 280,000 ikatha ma brake pad kapena matayala, kumeneko ndi kutha kwa chinthu chogwira ntchito, ngati nsapato ya pa kaunjika ikadyeka chidendene, simungabwerere nayo. Koma Corolla yomweyo injini ikafa sabata yachitatu mukuyendetsa bwinobwino, palibe munthu amagula galimoto kuti ayende nayo masabata atatu.

Nanga voetstoots ija munasayina? Mawuwa amatanthauza kuti mwaitenga momwe ililimo, ndipo pakati pa anthu wamba awiri amagwira ntchito ndithu. Koma dila sangangodinda mawu amenewa pa pepala n'kuthawa nawo gawo 55 ndi 56, lamulo silimulola kukusayinitsa kuti utaye ufulu wako. Chomwe amaloledwa ndi ichi, akuuzeni momveka kuti galimotoyi ili ndi vuto lakutilakuti, inu n'kuvomera kuitenga choncho. Akalemba kuti aircon sigwira ndipo giya yachitatu imalira, inu mwasayina, pa ziwiri zimenezo mulibe mawu. Koma aircon yolembedwayo siingaphimbe injini yomwe sanaitchule. Ndiye werengani pepala lanu bwino muone zomwe anatchula mayina. Ena masiku ano amalemba mndandanda wautali wotchula chilichonse, injini, giyabokosi, magetsi, zonse akuti zitha kukhala ndi vuto, kapena amalemba kuti mwagula ngati sikirapu pomwe munatuluka nayo pa geti mukuyendetsa. Zoterozo musazione ngati mapeto, kazisiyeni kwa ombudsman, ofesi yomva madandaulo a ogula magalimoto yomwe nditchule kutsogoloku, aziunike. Chimodzimodzi akamati pitani ku walanti yomwe munagula, walanti ija ndi yongowonjezera, imalipira kagawo kochepa pa part iliyonse, siichotsa udindo wa dila.

Tsiku lokasiya galimoto musapite nokha, tengani munthu. Jambulani mbali zonse zinayi, mkati, sipeya, jeke, batire, mulingo wa mafuta ndi makilomita. Akupatseni job card kapena pepala lililonse losayinidwa losonyeza tsiku, vuto lomwe mwanena ndi dzina la wolandira, popanda pepala makiyi musasiye. Ndipo chilichonse chomwe angakupatseni kuti musayine pamenepo werengani mpaka pansi, chifukwa ena amalowetsamo mzere woti mwavomera kulipira theka, kapena storage ya tsiku lililonse, kapena kuti nkhani yatha simudzadandaulanso. Simukumvetsa, jambulani pepalalo mupite nalo kunyumba wina akuwerengereni, palibe chothamangira.

Akakonza, funsani pepala la zomwe asintha ndipo lembani tsiku lomwe mwaitenga, chifukwa apa pali kamphatso kena komwe ambiri sakudziwa. Vuto lomwelo likabwereranso pasanathe miyezi 3 chikonzereni, kapena patulukira lina, gawo 56 lomwelo likuti dila asinthe galimoto kapena abweze ndalama, zoti tiyesenso kukonza kachiwiri kachitatu pokhapokha mutafuna inuyo. Ndiye ikangoyambiranso lembani tsiku lomwelo, musadikire kuti mwina isiya yokha.

Dila akakana kuti galimoto ilibe vuto kapena akuti mwaiwononga ndinu, pamafunika mawu a munthu wapadera. Pitani nayo ku malo oyeza magalimoto ngati DEKRA, kapena ku galaja yovomerezeka ya mtundu wa galimotoyo, akulembereni lipoti la chomwe chavuta ndiponso ngati chikuoneka kuti n'chakale. Muwauze kuti mukufuna lipoti lokha osati kukonza, ndipo ngati kuyezako kukufuna kumasula injini, mudziwitseni kaye dila polemba kuti abwere kapena atumize munthu. Lipotili mulipira nokha ndipo zimawawa, koma kalata yokhala ndi lipoti imalemera kusiyana ndi mawu oti makaniko wanga wati.

Masiku munawapatsa aja akatha ali chete, kapena ayankha zachipongwe, pitani kwa Motor Industry Ombudsman of South Africa, ambiri amangoti MIOSA, ofesi yawo ili ku Pretoria koma simufunika kukwera taxi, fomu yodandaulira ili pa webusaiti yawo ndipo kwa wogula ndi ulere. Mumalemba nkhani yanu motsatira masiku, n'kuika mapepala onse aja, apa ndi pomwe envelopu ija imakupulumutsani. Iwo amamva mbali zonse ziwiri kenako amalemba chigamulo chawo. Zimatenga nthawi, miyezi ndithu, ndipo chigamulo chawo si cha khoti choti sheriff akagwire katundu, dila wamakani atha kuchinyalanyaza. Zikatero mumatenga chigamulocho kupita nacho ku National Consumer Commission, yomwe imatha kufufuza n'kukamusiya dila ku National Consumer Tribunal komwe kumatuluka chilamulo chomanga ngakhalenso chindapusa. Palinso maofesi oona za ogula a m'chigawo chilichonse, Gauteng ili ndi yake ndi khoti lake la ogula, nakonso ndi kwaulere. Musalumphe masitepe n'kuthamangira kwa loya kuti akasume ku khoti lalikulu, gawo 69 limafuna muyambe mwayesa njira zinazi, ndipo dandaulo lisagone kupitirira zaka 3.

Ngati zomwe mukufuna ndi ndalama zochepa, tinene za breakdown ndi part imodzi, Small Claims Court imamva milandu ing'onoing'ono yotere (mu 2019 malire ake anaikidwa pa R20,000), kulibe maloya, mumayamba ndi kalata yopatsa munthu masiku 14 kuti alipire, ndipo kalaliki wa ku khoti la majisitireti la kufupi nanu amathandiza kulemba mafomu.

Kwa omwe munatenga pa ngongole ya banki, musasiye kulipira poti galimoto yaima. Ndikudziwa zimapweteka kudulidwa ndalama mwezi ndi mwezi pa chinthu chomwe chili pa majeke ku galaja, koma pangano lanu ndi banki ndi lina, mukasiya dzina lanu ndi lomwe liipe ndipo galimoto adzailanda nkhani ya dila isanathe. Alembereni a banki kuwadziwitsa za vutolo, muwatumizire makalata omwewo, paja pa mapepala mwini galimoto ndi iwowo mpaka mudzamalize. Inshuwalansi nayonso isaduke ngakhale galimoto ili pa yadi ya dila.

Otsala ndi inu ogula mu Novembala kuti Disembala muwoloke nayo Beitbridge, Nyamapanda, kudutsa Tete mpaka Mwanza kapena Dedza. Lamulo lonseli limagwira bwino galimoto ikakhala pomwe dila angaione. Ikakafera ku Ntcheu, miyezi 6 ija ilipobe pa pepala koma muibweza bwanji ku Malvern, ndipo mukafuna musafune makaniko wa kumeneko aimasula basi, komanso Competition and Fair Trading Commission ya kwathu imaona za ochita malonda a ku Malawi, dila wa ku Joni siingamufikire. Ndiye ngati cholinga ndi kupita nayo kumudzi, gulani kukadali miyezi iwiri kapena itatu, muyende nayo konkuno mokwanira, ikwereko mtunda wautali ngati wa ku Polokwane itanyamula katundu masana dzuwa likuswa mtengo, muione singano ija, muone pansi m'mawa uliwonse pomwe yagona. Chomwe chikufuna kutuluka chitulukire konkuno dila ali pafupi, ndipo nambala ya salesman ndi imelo ya kampani zikhale mu foni musanatuluke pa geti.